Anabwerako

Anabwerako, amatero anthu pa Nchalo,
thokozani Mulungu, mayi a Thenesi, wanu anabwerako.
Asanu anatsala pa khona ya ku Thabwa
atafunditsidwa zitenje za amayi ogulitsa masau.
Ine ndimangovomera. Nanga nditani?

Mabuleki anatha potsetsereka,
dalaivala akuti anangofuula kamodzi.
Zuze sanathyoke ngakhale chala.
Malaya ake oyera ndinachapa ndekha,
kadontho kamodzi pakolala, ngati wadzicheka pometa.
Koma ku Gulupu adokotala anakweza chithunzi cha mutu wake powala
nandilozera ndi cholembera:
apa, mayi, ubongo unagunda chigaza,
dzira lagwedezeka mkati, chigoba chili bwinobwino.
Masabata awiri ali chigonere.
Atatsegula maso
ananditchula dzina la mlongo wake
amene tinamuika kalekale kwa Tengani.

Munthuyu anali telala.
Ankangokuyang'ana kamodzi, chiuno chako wachidziwa popanda tepi.
Lero singano ndi ulusi m'manja mwake
zili ngati alendo osamvana chinenero.
Akafuna madzi amati, ndipatse ujeni, ujeni,
kenako amati nsapato,
ndikabweretsa nsapato amalira.
Ndaphunzira tsopano kuti nsapato ndi madzi.
Mawa mwina idzakhala mchere.

Ukali wake umabwera ngati mtsinje wa Mwanza:
kuno dzuwa lili phwee,
mvula yagwa kumtunda kumene sitikuona,
posakhalitsa madzi ali pakhomo.
Wailesi ikakwera, mbale ikagwa, basi.
Anagenda Thenesi ndi kapu,
mwana yemwe ankamunyamula paphewa popita kudimba.
Patapita kanthawi anamufunsa, wakupweteka ndani?
Mwana anayang'ana ine.
Ndinati, chitseko.

Apongozi akuti pali dzanja la munthu.
Anaitana sing'anga wa kutsidya,
mphini zinayi pachipumi, mbuzi yathu yomaliza inapita.
Kutchalitchi akuti chiwanda.
Ana a pamsika amamutsatira akuimba wamisala.
Chithunzi chija ndili nacho pansi pa matilesi,
koma ndani pano angawerenge mtambo wotuwa papulasitiki?

Mwini minibasi anatumiza thumba limodzi la chimanga.
A inshuwalansi akufuna lipoti la apolisi,
apolisi akufuna ya lipoti.
Minibasiyo anaiwongola, anaipaka utoto wina.
Ndinaikwera mwezi watha pokatenga mankhwala a kukomoka,
ndinaizindikira ndi mpando wong'ambika wa pazenera.
Ndinalipira ngati wina aliyense.

Okutobala akafika, malata akamathetheka,
mutu umamuwawa mpaka kuluma mphasa.
Ndimanyowetsa chitenje, ndimamukulunga,
timagona panja, udzudzu wa m'minda ya mizimbe ukutiimbira.
Amagona chogwira dzanja langa
ngati mwana woopa kusochera pamsika.
Sindine wamasiye, palibe amene anandimeta.
Maliro ndilire bwanji
pamene mwini maliro ndikudya naye mbale imodzi?
Nthawi zina ndimamusowa ali pomwepa,
ndimapita kuseri kwa bafa kukamulira,
iye n'kumandiitana ndi dzina la wakufa.

Dzulo pobwera kumjigo
ndinamva phokoso limene nyumba ino inaliiwala.
Anali pamashini,
phazi likupalasa, popanda nsalu, popanda ulusi.
Zimene mutu unataya pa Thabwa, phazi linasunga.
Ndinatula ndowa mwakachetechete,
ndinalowetsa ulusi,
ndinaika kachigamba ka yunifolomu pansi pa singano.
Mzere unayenda, unakhota,
unakhotanso ngati msewu womwe uja.
Anauyang'ana nthawi yaitali,
thukuta likutsika pa mphini zija.
Kenako anati,
Esinta.
Langa lenileni.
Esinta, uwu ndi wokhota,
bweretsa lezala timasule.