Impso Yopanda Mapepala

Ine ku UTH ndinangopitira chidindo.
Kampani ya malole ku Makeni inkafuna pepala
lonena kuti Yotamu Mbewe sakhosomola.
Ndinavula shati, ndinakumbatira chitsulo chozizira,
mtsikana kuseri kwa galasi akuti,
kokani mpweya, gwirani pomwepo.
Ndinagwira.

Pachithunzi panatuluka mthunzi,
kukula kwake ngati chibakera cha mwana wasukulu,
kumanzere, mmunsi mwa nthiti,
uli phee.

Masabata atatu.
Makhololo anapimidwa kawiri, osapezamo kanthu.
Tikambenji anapempha kuti chilimba cha mwezi uno chikhale chake,
sanandiuze kuti n'cha chiyani.
Usiku ndinkamumva akuwerenga malata a denga.
Mlamu wanga anayamba kundipatsa moni ndi manja awiri.

Kenako makina aakulu aja, olowamo chogona.
Dokotala anayang'ana, anavula magalasi, anayang'ananso,
n'kutuma nesi kuti akaitane ophunzira.
Anabwera asanu ndi awiri, makolala oyera,
kuunjirira chifuwa changa ngati ngozi ya pa Lumumba.

Bambo Mbewe, si chotupa ichi.
Ndi impso yanu.

Akuti tikadali m'mimba impso zimayambira pansi
n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka m'chiuno chakumsana.
Inzake inafika, inakhala.
Iyi inapeza mpanda wa pakati pa mimba ndi chifuwa usanatsekedwe,
inangodutsa.
Zaka makumi anayi ndi chimodzi ili pamenepo,
ikusefa madzi anga osadandaula.
Tiichotse? ndinafunsa.
Yakulakwirani chiyani, anatero.

M'minibasi ya ku Kanyama ndinakhala pafupi ndi windo
dzanja lili pansi pa bere.
Ndinakumbuka bambo anga.
Anatsika basi ya ku Katete ndi sutikesi ya malata,
anaona malo pakati pa miyala ndi chithaphwi
pomwe mapu a kanselo sanalembepo munthu,
anaumba zidina, anakhoma chitseko.
Anthu a mafayilo anabwera kangapo
kudzawauza kuti pano si pokhala.
Tonse asanu ndi mmodzi tinabadwira pomwepo.
Mpaka lero dzinja likafika madzi amalowa m'nyumba,
ife n'kumawatunga ndi ndowa, kuwataya panja,
ntchito ya impso.

Ndiye khala, mnzanga.
Mtima ndi woyandikana naye waphokoso, ndikudziwa,
umagogoda khoma usiku wonse,
ndipo phapo linakusunthira pang'ono mosafuna.
Koma lendi umalipira pa nthawi yake.

Pepala analidinda. Lolemba ndinyamula simenti ya ku Chipata.
Ndalama ya chilimba tagulira matumba a mchenga
ndi nsapato za Dalitso.

Dzulo Tikambenji anaika khutu pachifuwa panga nthawi yaitali.
Sindikuimva, akuti.
Ndinati siyankhula, imangogwira ntchito.
Anati, ndiye siinatengere kwanu.