A Nampuluma ndi Njinga Yawo

Lachinayi lililonse, ogulitsa nanazi atalongedza madengu,
tinkathithikana m'golosale ya a Muhiwa pa Chitakale,
kanema atakhazikidwa pamwamba pa makatoni a sopo,
mlongoti wake uli kunsonga kwa nsungwi
yomwe mphepo ya m'phiri inkaitembenuza mmene yafunira.
Sewero lake linali la nyumba za lendi:
mwini mpanda wamimba, mkazi wake wosatha mawu,
anyamata awiri othawa ngongole podumpha zenera.
Amenewo ndiwo anali eni nkhani,
ndiwo ankawomberedwa m'manja.

Ine ndinkadikira inu, a Nampuluma.

Inu kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi mpopi,
chipewa chaubweya kumutu ngakhale mu Okutobala,
jekete ya mabatani atatu osiyana mitundu,
njinga mutaigoneka chagada
ngati mbuzi yodikira kusendedwa.
Zaka zinayi mukukonza njinga imodzi!
Mukalumikiza tcheni, pedulo yagwa.
Mukamata chubu, belu lasowa.

Mkangano ukafika poti mbale ziuluke,
wina ankacheuka:
"Nanga inu achikulire mukutipo bwanji?"
Inu n'kupukuta girizi pathalauza,
chala chimodzichimodzi, osafulumira,
n'kuyang'ana kumwamba ngati mukuwerenga mitambo,
kenako:
"Alipo waona sipanala yanga?"

Basi. Sabata yonse mawu anu anali omwewo.

Bambo anga ankati kanema ndi wa ana.
Ankaima pakhomo, kunja mwendo umodzi,
manja ong'aluka ndi tiyi wa kuesiteti atawapinda m'khwapa.
Kunyumba sindinawaonepo mano.
Koma mukangofunsa za sipanala
mapewa awo ankagwedezeka mumdimamo,
n'kunamizira chifuwa.

Tsiku lina mayi anawapanikiza za fizi yanga,
mwezi uli pakati, thumba la ufa litagona pansi.
Bambo anakhala chete nthawi yaitali,
anayang'ana kudenga,
nafunsa ngati alipo waona sipanala yawo.
Mayi anafuna kukalipa.
Anangotseka pakamwa ndi chitenje, natuluka,
tinawamva akuseka kuseri kwa bafa.
Fizi sinapezeke tsiku limenelo,
koma tinagona bwino.

Dzina lanu lenileni sindinaligwire.
Maina kumapeto ankathamanga
ngati Likhubula mvula itagwa kumtunda,
ndipo a Muhiwa ankazimitsa msanga, ati magetsi ndi ndalama.

Ndiye linafika gawo lomaliza.
Chiperoni chinali chitakuta msewu wonse wa ku Boma.
Munaitembenuza njinga ija, matayala n'kuponda dothi.
Munaliza belu, linalira.
M'golosale monse zii,
a Muhiwa shuga ali pasikelo osamumanga.
Bambo analowa, miyendo yonse iwiri.
Munagwira mahandulo, munakweza mwendo,
magetsi thi!

Tinakhala mumdima tikununkhiza sopo ndi palafini.
Palibe anatukwana.
Anayaka mawa lake masana.

Wina wochokera ku Limbe anati munapalasa mpaka kutuluka pageti.
Kondakitala wina analumbira kuti munagwera m'ngalande.
Bambo anati onsewo ndi abodza,
munthu ngati uja sangamalize njinga,
akamaliza adzuka kukatani?

Anapita chaka cha njala chija, bambo.
Inunso ndinamva kuti munatsatira,
ndinamvera m'minibasi, pakati pa nkhani ya mtengo wa feteleza.

Lero ndimakonza njinga za akabaza pansi pa mtengo wa mapeyala,
moyang'anana ndi pomwe panali golosale ija.
Mwana wanga Esinala akuti gawo lija angalipeze pafoni,
mphindi zitatu zokha, atero, muone mmene zinathera.
Ndimamuuza kuti mawa.

Kwa ine mukadali pomwepo, a Nampuluma,
mwendo uli m'malere,
bambo ali chilili pambali panga, pakamwa pali yasa,
ndipo sipanala ya teni, ndikuuzeni lero,
inali m'thumba la jekete yanu nthawi yonseyi.
Tonse tinkaiona.