Chitini cha a Kapalamula

Bambo anga kanema sankamuonera.
Ankamumvera ndi khutu, kumsana kwa anthu mazana atatu,
m'kachipinda kotentha ngati uvuni, pamwamba pa holo ya ku Mbare,
malaya atavula, thaulo pakhosi,
chala chimodzi chili pa gudumu la filimu
ngati namwino womvera mtsempha wa wodwala.

Ku Halale anafika ndi singano, kuchokera kwa Ganya,
telala wa pakhonde la Mmwenye.
Ulusi utawatopetsa maso anapeza ulusi wina,
wautali, wa timabowo m'mbali, wa kafungo kowawasa,
wosokera anthu amoyo pa chinsalu.

Ukaduka, holo yonse mluzu.
Chinsalu mbee! kavalo wathera m'malere,
wina akugenda chitseko ndi chitsononkho:
"Achimwene, bwezani ndalama zathu!"
Iwo phee.
Lezala, kupala pang'ono, kadontho ka guluu,
kuuzira katatu,
kavalo n'kutera kutsidya kwa mtsinje
osadziwa kuti anafa mphindi ziwiri.

Mabokosi ankabwera Lachinayi, ndi kapepala ka boma.
Wantchito akakweza chibakera pa bwana, dulani.
Milomo ikayandikana, dulani.
Ndiye mwamuna ndi mkazi ankasendererana,
maso atatsinzina, mpweya uli m'mwamba,
kenako kwacha, munthu akumwa tiyi.
Mbare yonse inakula ikudziwa
kuti chikondi cha kutsidya kwa nyanja chimathera pa kapu ya tiyi.

Holo ija lero amapemphereramo.
Kabowo kotulukira kuwala anakamata ndi simenti.

Titabwera kumanda, ku Mufakose,
amayi anakoka chitini cha mabisiketi pansi pa bedi.
Azilamu anasendera, akuti mwina ndi mapaundi a kale.
Chivindikiro gubudu:
tizidutswa takuda, topiringizika ngati mfutso.
Atsibweni anaseka mpaka kutsokomola.
"Zaka makumi awiri, chuma chake n'chimenechi?"
Ine ndinanyamula, sindinapemphe.

Nanenso ndimadula, pa kompyuta, m'kaofesi ka ku Eastlea.
Ndikalakwa ndimabweza ndi chala chimodzi,
palibe magazi, palibe wogenda chitseko.
Wotsogolera amaima kumsana kwanga akutafuna chingamu:
chotsa apa, agula akuti patalika;
chotsa gogoyo, akuchedwa kuyankha.
Ndimachotsa. Lendi sadikira gogo.
Zodulazo sindidziwa kumene zimapita,
zilibe fungo, zilibe chitini.

Dzulo magetsi atathima
ndinayala tizidutswa tija patebulo,
kulumikiza ndi selotepi, mopotoka, manja akunjenjemera,
n'kukoka pang'onopang'ono patsogolo pa kandulo.
Milomo, milomo, milomo ina.
Phewa la mkazi.
Chibakera chili panjira, chibwano chikudikira.
Mnyamata wakuda akuseka chakukhosi pamaso pa wapolisi,
mano onse panja.
Zonse zimene Mbare inalipira koma sinaone,
a Kapalamula anazisunga ngati chenje cha eni ake.

Kaya ankati adzabweza liti.
Kaya ankangodana ndi kutaya nsalu, monga atelala onse.
Sindinawafunse; ndinkachita manyazi ndi fungo la malaya awo
ndi Chishona chawo chopindika.

Kadutswa kena kalibe munthu, kalibe kavalo,
kanapsa pakati, bowo ngati la ndudu.
Pambali pake, mu guluu wouma,
pali chidindo cha chala chachikulu
ndi kamzere kodutsa pakati pomwe lezala inaterereka.
Chipsera chimenecho ndikuchidziwa,
chinkandikanda patsaya pondipukuta mamina.

Mayina akamakwera kumapeto, anthu akutuluka,
lawo silinakwerepo.
Koma chala ichi chinadutsa pa chinsalu usiku uliwonse,
chachikulu kuposa mutu wa kavalo,
mofulumira kuposa kuphethira,
ndipo holo yonse inkasiya mluzu n'kukhala pansi.

Magetsi anabwera cha m'ma folo.
Ndinayatsa kompyuta, ndinamufuna gogo uja,
ndinamubwezera masekondi ake asanu ndi awiri.
Aziyankha akafuna.