Kadenga

Dzina ndinalilemba kamodzi kokha:
Yotamu Chiŵaula,
pakati pa usiku, m'kachipinda ka kuseri ku Rosettenville,
magetsi atazima, zala zili gwaa ndi chisanu cha Juni.
Ndine mlembi wa bungwe lathu la maliro.
Ntchito yanga n'kuimika mawu pamzere
anthu asanayambe kulira.

Ndinalitchinga ndi tinyenyezi tiwiri, kumutu ndi kumiyendo,
kuti linenepe, lide bii,
ngakhale wothinana m'tekisi ya ku Bree
alione asanatsike.
Pa foni yanga linanenepadi,
kuposa mwiniwake
amene zaka zisanu ndi zinayi akuponda simenti ku Midrand
ankangoonjezera zibowo pa lamba.

Koma kafoni kamabatani ka mlongo wake ku Bilira
sikadziwa kunenepetsa.
Dzina linafika lowonda, tinyenyezi tili mbee.
M'mawa anaimba, mawu atasasa:
"Alamu, nyenyezizi n'zachiyani?
Kodi ku Joniko munthu akafa mumamukweza usilikali?"

Ndinandandalika zopereka, wani, thu, fili,
aliyense pamzere pake ngati mapando a chimanga.
Kwa Esinati ku Tembisa mizere inagumukirana,
mahandiredi ake awiri n'kutsamira dzina la Bizaliele
amene sanaponyepo ngakhale khobidi.
Mpaka lero sapatsana moni.
Amene anamaliza ngongole ndinawadula ndi kamzere pakati;
kwa Mai Nachisale kamzere sikanatuluke,
kunatuluka tinjoka tiwiri, uku ndi uku.
Akuti akanditengera kwa abusa.

Zonsezo ndinaseka, maliro ali m'nyumba.
Chimene sindinaseke ndi kadenga,
kaja kamakhala pamwamba pa w
kuti milomo ingoyandikana, isapsompsonane.

Ku mochale ku Hillbrow fomu ili ndi timabokosi,
chilembo chimodzi, bokosi limodzi, zazikulu zokhazokha,
ngati mmene timagonera kuno.
Mtsikana wa pakauntala anasakasaka pa makina ake,
n'kupukusa mutu: kuno denga kulibe.
Pa shopu ya Msomali pomwe tinasindikiza pulogalamu
makina anameza chilembo chonse
n'kulavula chizindikiro cha funso,
mapepala makumi asanu ndi limodzi,
lililonse likufunsa pakati pa dzina la munthu.

Wa galimoto anandichenjeza:
pachipata cha Beitbridge safuna nkhani,
pasipoti, chikalata cha imfa, chilolezo cha bokosi,
zonse ziziyankhula chimodzimodzi.
Kusiyana kadontho, mtembo ugona padzuwa.
Ndiye ndinakhala pansi ndekha
n'kusasula denga paliponse pamene ndinaliika.
Mapepala anagwirizana. Anafanana ngati mapasa.
Palibe limene linali iye.

Yotamu anabwera kuno kudzafuna malata,
makumi atatu ndi awiri, ankawawerenga pa zala tikamadya.
Anagula khumi ndi asanu ndi anayi.
Ali kuseri kwa chitseko kwa mlongo wake, akudikira anzawo.

Lachisanu, ngolo itamangidwa kumbuyo kwa minibasi,
katundu wa amoyo atasanjidwa pamwamba,
mafiriji, matayala, zidebe za penti,
ndinapempha dalaivala adikire pang'ono.
Ndinatola msomali m'ngalande,
ndinagwada pa kachitsulo ka pabokosi
pomwe anazokota dzina mwaukhondo wa Chizungu,
n'kukanda timizere tiwiri tokumana pamwamba.

Tinatuluka tokhota. Kumanzere kunatalika.
Mvula ikabwera mwina kadzadontha.
Dalaivala analiza hutala kachiwiri.