Pensulo Yofiira ya Mayi Brassac

Masitepe zana limodzi, khumi ndi anayi
kuchokera mumsewu kufika pakhomo pa Mayi Brassac,
pamwamba pa chitunda cha Croix-Rousse,
m'nyumba ya denga lalitali momwe kale ankawomba silika.
Ndimawawerenga Lachinayi lililonse,
mapepala kukhwapa, ufa wa buledi udakali m'zikhadabo,
popeza ine ndimaweruka pa uvuni
mzinda wa Lyon ukamayasamula.

Zaka makumi anayi anakhala akusaka zolakwika
m'mabuku a anthu ena.
Dzina lawo silinakhalepo pachikuto chilichonse.
Alembi ena a ku Paris ankawatumizira maluwa,
ena makalata otukwana,
ndipo makalatawo ndiwo anasunga m'kabati.
Amati munthu akapsa mtima saonjezera mawu achabe.

Chaka choyamba anandiphera mawu ngati nsabwe.
"Aurélien, chiganizo chakochi chavala majekete atatu
kunja kukutentha. Chivule."
Tsamba linkabwerera lili magazi okhaokha.
Ndinkatsika masitepe ndikung'ung'udza,
pofika pamlatho wa Saône ndavomera kale kuti sakunama,
ndipo kuvomerako ndiko kunkawawa.

Tsopano maso awo achita ng'ala.
Pensulo yofiira yagona m'kapu yosweka chogwirira,
pamodzi ndi mabatani ndi kiyi wa chipinda chapansi.
Ndimawerenga mokweza,
iwo atatsamira, khofi akuzizira,
mphaka wawo Virgule atadzipinda pamiyendo.
Akamva mpatuliro wosokera amagogoda tebulo kamodzi.
Akamva bodza, kawiri.

Lachinayi lapitali ndinawerenga za imfa ya bambo anga.
Ndinalemba kuti mvula inkagwa pamadenga a Villeurbanne,
mabelu akulira, thambo lonse litavala zakuda.

Go. Go.

"Inagwadi mvulayo?"
Ndinayang'ana nsapato zanga.
"Ayi."
"Nanga waibwereka kwa yani?"
"M'mabuku."
"Kaibweze. Eni ake akuifuna."

Pamenepo ndinawauza, pepala nditaliika pansi:
munali mu Julaye, dzuwa likuswa mtengo,
mnansi wapansi akukazinga anyezi, zenera lili pululu,
pa kanema kuchipinda chochezera
anyamata a njinga akukwera phiri, malilime kunja.
Bambo anandifunsa kuti akutsogola ndani.
Ndinapita kukaona.
Ndinachedwako pang'ono, mpikisano unali utafika pokoma,
ndipo pobwerera ndi yankho m'kamwa
ndinapeza palibenso womuuza.
Dzina la wanjingayo ndikulikumbukirabe.
Sindinalitchulepo kwa munthu.

Mayi Brassac sanagogode.
Mphaka anatsika, nakanunkhiza mbale yake yopanda kanthu.
Kumsika wapansi wina ankakuwa mtengo wa mapichesi,
nkuutsitsa, nkukuwanso.

Kenako anati:
"Anyeziwo usawachotse.
Kuchedwa kwakoko usakubise.
Ndipo usalembe kuti unalira, tamva kale."

Ndinaganiza kuti lero andipatsa pensulo ija,
monga zimathera nkhani zokoma.
Anandiuza kuti sitolo ya zolembera ili pangodya,
ndikagule yanga,
ndipo potuluka ndikokere chitseko mwamphamvu, chimakana.

Potsika ndinasokoneza chiwerengero cha masitepe
pena pake pakati pa makumi asanu ndi makumi asanu ndi limodzi.

Usiku, itangokwana folo koloko,
mtanda ukufufuma pansi pa nsalu,
bwana Théodule akuwodzera pathumba la ufa,
ndinang'amba kapepala kokulungira buledi
nkulemba mzere woyamba:
Tsiku limene bambo anamwalira, pansi ankakazinga anyezi wambiri.
Ndinauwerenga motsitsa, uvuni ukundiwotcha msana,
ndipo chala changa chomwe, chopanda wochituma,
chinagogoda thabwa kamodzi.
Ndinafufuta wambiri
ndi chikhadabo cha ufa.