Woyang'ana Mapazi

Ku Hull, mwezi wa Okutobala,
dzuwa limachedwa kuposa ana.
Ine ndimaima pageti eyiti koloko isanakwane,
khofi dzanja ili, kaundula dzanja ili,
maso pansi.
Ndinaphunzira zaka zinayi kuti ndiziphunzitsa za mitsinje ndi magombe,
koma m'mawa uliwonse ntchito yanga ndi mapazi.

Lamulo lili pa tsamba lachisanu ndi chiwiri:
nsapato zakuda, zachikopa, zomva polishi,
zopanda chizindikiro cha kampani.
Zothamangira ayi.
Ngakhale zitada bii ngati phula la mumsewu, ayi.
Mayi Thackray, mphunzitsi wamkulu, anatumizira makolo zithunzi,
izi inde, izi ayi, izinso ayi,
ngati apolisi akusaka zigawenga.

Ana mazana asanu ndi atatu ndimawadziwira kumapazi.
Kacper amadya chidendene chakumanzere.
Mapasa a kwa Bielby zingwe sadziwa kumanga.
Ena nkhope zawo sindingazilumbirire.

Lachiwiri lija mvula inkagwa chopingasa kuchokera ku Humber.
Tegan Marwood anatsika basi pomalizira,
akulambalala chithaphwi chilichonse
ngati wabisa mazira m'masokosi.
Nsapato zakuda, inde,
koma zothamangira: soli yonenepa, nsalu ya timabowo.
Pambali pomwe panali kamzera koyera ka kampani
wina anapaka inki yakuda,
kawiri, katatu, osataya m'mphepete.
Dzanja la munthu wamkulu limenelo,
dzanja logwira ntchito usiku patebulo la kukhitchini.
Koma mvula sisunga chinsinsi.
Kamzera kaja kanali kakutuwa, kakubwerera kwawo,
inki ikuyenderera mpaka pansi.

"Aphunzitsi, zachikopa zija zinaboola kunsi.
Amayi alandira pa twente-eyiti."
Ankalankhula ndi tayi wanga.

Chimene lamulo limatchinjiriza ndimachidziwa.
Ndinamupezapo mnyamata akulira kuseri kwa holo
anzake atatchula mokweza mtengo wa nsapato zake.
Zikafanana, akuti, wolemera ndi wosauka sadziwika.
Ndimadziwanso chipinda cha kumapeto kwa khonde
momwe olakwa amaswera atayang'ana khoma,
ndi kabati ya nsapato zobwereka
zonunkha mapazi a ana omwe anamaliza sukulu kalekale.
Saizi ya Tegan mulibemo.
Ndinafufuzamo sabata yatha, pa mlandu wa wina.

Bambo anga ankagwira ntchito padoko.
Lamlungu madzulo ankayala nyuzipepala pansi
n'kupukuta nsapato zathu mpaka babu kuonekeramo,
amvekere: munthu amayambira pansi.
Sanandiuze ngati amatheranso pomwepo.

Belu linalira.
M'thumba la jekete munali cholembera chakuda chosafufutika,
chija ndimalembera mabokosi a mapu.
"Ukaziumitse kaye pa choumitsira manja cha kuchimbudzi,
kenako upake.
Undibwezere pa phunziro lachitatu."
M'kaundula sindinalembemo kanthu.
Pepala linali litanyowa;
akandifunsa ndidzanena zimenezo,
ndipo si bodza lonse.

Pa phunziro lachitatu tinkakamba za gombe la Holderness,
momwe nyanja imanyenyera dziko chaka ndi chaka,
lero mpanda, mawa munda, kenako khitchini.
Tegan anasiya cholembera patebulo panga osanena kanthu,
zala zitatu zili bii.
Atakhala pansi anakweza dzanja lomwelo:
"Nanga nyumba ikagwera m'madzi,
eni ake amapita kuti?"

Yankho lokwanira ndinalibe.
Koma m'pamene ndinaona kuti ali ndi kachipsera pamwamba pa diso,
kuti akamadikira yankho amaluma mlomo wam'munsi.
Chaka chathunthu ndi mwezi akudutsa pageti panga.

Kwatsala masiku khumi ndi anayi kuti ikwane twente-eyiti.
A zanyengo akuti mvula ipitirira.
Ndagula cholembera china.