Chimkuzamawu Chong'ambika

Gelevazio Mkwapatira ankakonza mawailesi
pakhonde, kuseri kwa siteshoni ya sitima ku Salima.
Ine ndinali kamnyamata kogwirira waya.
Malipiro anga: chigumu ndi mbiri.

Mbiri yakeyo inalibe zaka.
Ankangoti, "Munthu wina kutali uko
anatopa ndi gitala yonong'ona,
n'kuimwetsa magetsi.
Kuyambira tsiku limenelo makolo sanagonenso."

Ankati kwinanso chimkuzamawu chinagwa pagalimoto
anyamata akupita kojambulitsa nyimbo.
Pepala lake mbwee, ndalama yogulira china palibe.
Anaimba nacho choncho,
chikulira ngati njuchi zotsekeredwa m'chitini,
mawa lake aliyense n'kumang'amba chake mwadala.
Akafika apa ankaseka mpaka chifuwa:
"Ine ndakalamba ndikumata zimenezi ndi guluu,
anzanga akulemera nazo zong'ambikazo!"

Mbale zake anachokera nazo ku Joni,
zisanu ndi ziwiri, m'bulangete la kumgodi.
Imodzi inapindika ndi dzuwa podikira sitima pa Balaka.
Singano ikafika pokhotapo
woimbayo ankagwidwa chidikwidikwi,
ndipo kwa zaka zambiri ndinkayesa kuti nyimboyo
imapita choncho.

Pachikuto cha ina panali munda wamatope,
anthu ngati dzombe, mvula ikuwakwapula, osathawa.
"Masiku atatu amenewo, mwana iwe."
"Nanga ankadya chiyani?"
"Mafunso a anthu anjala amenewo. Gwira waya."

Za uja anayatsa gitala yake anthu akuona
sankafuna kuzimva.
"Akanandipatsa ine," basi, n'kulavula.
Za aja anafa ndevu zisanakhwime
ankangochepetsa wailesi
n'kuyang'ana njanji nthawi yaitali.

Koma mbiri ili ndi nthambi yomwe inafika kwathu.
Chaka chimene tsitsi linasanduka mlandu
anamugwira papulatifomu, dzuwa lili pamutu,
lumo lobuntha, opanda madzi,
buluku lake lotambalala n'kulidula m'mawondo.
Amayi ogulitsa nthochi anayang'ana kumbali.
Iye anatola tsitsilo, n'kuliika m'thumba la malaya.

Loweruka lomwelo, mutu uli zigambazigamba,
anaimba m'shedi ya thonje, tsiku lamalipiro.
Batire anabwereka ya thirakitala ku Chitala,
gitala ya nsambo za mabuleki a njinga,
Sumani Mtalika pang'oma ya chikopa cha mbuzi ndi zitsekerero,
chimkuzamawu cha wailesi ya mwini wake
yemwe anauzidwa kuti sinathe kukonzedwa.
Nyimbo ziwiri ndi theka.
Fumbi la thonje linkatsika padenga ngati ufa,
onyamula mabelo akuvina osadziwa kuti gule wake ndi uti.
Pakati pa yachitatu batire inafa, nyali n'kuzima.
Palibe anatuluka.
Anapitiriza ndi manja mumdimamo
mpaka sitima yakatundu yochokera ku Chipoka
inadutsa, n'kuwalanda kayendedwe.

Palibe anajambula.
M'mabuku a azungu mulibe.
Sumani anakafera ku Dwangwa, kodula nzimbe,
ndiye mboni yatsala ndine,
amene ndinalowera pazenera.

Gelevazio tinamuika chaka cha madzi osefukira.
Mbale zija mkazi wake anaziboola,
zikulendewera pansungwi m'munda wa mpunga ku Lifuwu.
Zimazungulirabe ndithu, mphepo ikaomba,
ndipo mpheta zimaziopa
monga makolo aja ankachitira.

Lero nyimbo zonsezo zili mufoni ya mwana wanga,
zoyera, zosapindika, zopanda chidikwidikwi.
Wandigulira kachimkuzamawu katsopano pamsika.
Kamalira bwino, inde.
Ndakamvera masiku anayi.
Dzulo usiku iye atagona
ndinakatsegula kumbuyo ndi mpeni,
ndinayang'ana pepala lake losalala lija,
n'kuyamba kufunafuna lumo.